Chinangwa m'chakudya cha makumba

Ntchito yanga ndi kupanga chakudya cha nsomba kuno ku Nkhotakota, cha m'madamu anga ndi cha alimi anzanga. Ndinaiyamba nditabwerako ku Rustenburg, pamene sitiraka ya m'migodi ya pulatinamu ya mu 2014 inaimitsa ntchito miyezi isanu, maganyu athu n'kutheratu. Kandalama kotsala ndinagulira kamakina kogayira nyama, kopukusa ndi dzanja, ndipo n'komwe kamanditulutsira chakudyacho mpaka lero.

Alimi akamva kuti ndimathira chinangwa amasangalala, poti kuno chili m'munda uliwonse. Ndimawauza msanga kuti chinangwa sichikuza nsomba. Zomanga thupi m'menemo n'zochepa kwambiri, mwina magawo awiri kapena atatu pa 100, pamene makumba ndi chilunguni zimafuna magawo 25 mpaka 30 kuti zinenepe pa nthawi yake. Zimenezo zimachokera ku soya wokazinga ndi fumbi la usipa lotsalira kwa ogulitsa. Soya wosakazinga sagayika bwino m'mimba mwa nsomba. Madeya ndi chinangwa zimapereka mphamvu basi.

Chimene ndimachikondera chinangwa ndi kumata kwake. Madeya owazidwa okha amabalalika pamadzi, mphepo n'kuwakankhira m'mbali, ena n'kukawolera pansi nsomba zisanadye. Mlimi amakhala akudyetsa matope. Koma mukaphika kaphala kopyapyala ka ufa wa kondowole, n'kukandira m'menemo madeya, soya ndi usipa, zonse zimagwirana. Dzanja ndi lomwe limadziwa kuti zakwana: ukafumbata, chibulumwa chisamwazike, chisakakamirenso kuzala. Phala likachuluka makina amatsamwa, ndipo timibulu tikauma timalimba moti nsomba zazing'ono zimangotilavula. Likachepa, timasungunuka tisanafike n'komwe pamene pali nsomba. Pa ufa wonse, wa chinangwa sindilola kuti upitirire gawo limodzi mwa magawo khumi.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindichitira chidule. Chinangwa chowawa ngati Gomani chili ndi poizoni, ndiye chiyenera kusendedwa, kuviikidwa masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe, kenako kuyanikidwa chiume gwa, monga momwe amayi amachitira pokonza ufa wa nsima. Manyokola ngozizira, koma ali ndi msika ku Lilongwe, n'kulakwa kumupatsa nsomba. Makaka ochita nkhungu sindigula ngakhale atatsika mtengo motani. Chigwada ndiye chuma chomwe ambiri amachidutsa, poti masamba ali ndi zomanga thupi zambiri kuposa muzu. Ndimachisinja, kuchiyanika, n'kuthirako pang'ono. Chilunguni chimakonda masamba mwachibadwa.

Timibulu tanga timamira, sitiyandama ngati ta m'matumba a kusitolo, topangidwa ndi makina otentha kwambiri. Choncho ndimauza alimi kuti azithira pamalo amodzi, pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, pang'onopang'ono, akuyang'ana mmene nsomba zikudyera. Mu Juni ndi Julaye madzi akazizira nsomba zimadya pang'ono, ndiye achepetse. Asasiyenso kuthira manyowa kuti madzi akhale obiriwira, chifukwa chakudya china makumba amadzipezera okha m'madzi omwewo. Wobwera kudzagula ndimayamba ndamufunsa mtundu wa madzi a m'damu lake, kenako n'kumuyezera thumba.