Ku Domasi, kumene paipi imalondera dziwe

Minibasi yochoka ku Zomba inanditsitsa pa Songani, ndipo wakabaza anandikweza kulowera kunsi kwa phiri la Malosa. Kuno n'kwawo kwa ulimi wa nsomba, poti likulu lofufuza za ulimiwu, la National Aquaculture Centre, lili ku Domasi komweko. Koma ine ndinkapita kwa mlimi wamba woweta makumba ndi chilunguni.

Ndinawapeza bambowo ali m'madzi olekeza m'chiuno, akulimbana ndi paipi yapulasitiki. Chiwombereni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, iwo amadziwa kuti madzi akasefukira pamwamba pa khoma la dziwe, dothi limakokoloka, nsomba n'kupita nalo.

Paipi yawo ndi yokhota: imayambira pansi pa dziwe, kukwera kudutsa khoma cha kumtunda, n'kutsikira kuseri. Madzi akakwera n'kuidzaza, amapitikitsa mpweya wonse, ndipo paipi imayamba kukoka yokha, popanda injini. Chofunika n'chakuti kukamwa kwakunja kukhale kotsika kuposa madzi a m'dziwe.

Tsikulo inkangotsamwa. "Tatcherani khutu apa, achimwene," anatero. Polumikizira pamwamba pankalira kamluzu, mpweya ukulowa. Anapaka guluu, n'kukulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Kuseri anawonjeza chidutswa china kuti paipi itsike ndithu, kukamwa kwake n'kukumiza m'kadzenje ka madzi kozinga ndi miyala, kuti mpweya usabwerere ndiponso dothi lisakumbike.

Chinandigwira mtima ndi kapaipi kakang'ono kochokera pokhota paja, kolendewera m'dziwe. Madzi akaphwera kufika pansonga pake, kamameza mpweya ndipo kukoka kumaleka. Mpweya womwe uja ankauthamangitsa polumikizira, apa ndiye mlonda: popanda mpweyawu, dziwe likhoza kuuma usiku umodzi mwini ali m'tulo. Anakakweza pang'ono kuti madzi azitsala akuya mita imodzi.

Popeza paipi imakokera pansi, otuluka ndi madzi amatope, osowa mpweya wabwino. Obiriwira a pamwamba, momwe muli chakudya cha nsomba, amatsala. Sefa ya waya imatchinga tiana ta nsomba.

Atadzaza paipi ndi ndowa n'kutsegula kuseri, madzi akuda anathamangira m'ngalande mpaka kudimba la mayi a pakhomopo, omwe anali atakonza kale mabedi a mpiru.