Batire la kalavani limafera pakhomo

Mabatire ambiri a makalavani amene anthu amandibweretsera kuno ku Bindura amakhala kuti anafera pabwalo pa nyumba, kalavani ili chiimire pansi pa mtengo, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Mwini wake amafika atakwinya nkhope, amvekere, "Mudhara, batire ili ndagula chaka chatha chomwechi, ndipo ndangopita nalo ku Kariba kamodzi kokha!" Sindimutsutsa. Anapitadi kamodzi, anabwerako batire litatsala pang'ono kutha moto, anakokera kalavani pamthunzi, ndipo miyezi yonse yotsatira palibe anakumbuka kuti m'kabokosi ka pansi pa bedi muli chinthu chofuna kutchajidwa.

Ntchito ya mabatire ndinaidziwira kumgodi. Agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Mthandizi, monga anachitira Amalawi ambirimbiri amene anadzaza makomboni a migodi ya kuno ndi mafamu a m'chigwa cha Mazowe. Bambo anga ankagwira m'chipinda cha nyali pa mgodi wa nickel wa Trojan. Masiku amenewo nyali ya pachipewa inkayendera kabatire ka mtovu ndi asidi, kolemera ndithu, komangirira pa lamba m'chiuno. Munthu akatuluka pansi, asanakasambe n'komwe, ankayamba wabweza nyali pamalo pake kuti itchajidwe, ndipo a m'chipindamo ankayendera kabatire kalikonse, kuthira madzi pamene achepa. Nyali sinkaloledwa kugona yopanda moto. Lamulo lomwelo ndi limene ndimadyera mpaka lero, kungoti tsopano ndimaliuza anthu a ma Land Cruiser.

Makasitomala anga a makalavani si ambiri. Ndi akuluakulu ena a m'migodi, alimi angapo, ndi okonda mbedza amene mu Okutobala amakokera mabwato awo ku Kariba kukapikisana kugwira nsomba za tiger. Koma pali gulu lina lalikulu limene galimoto yawo ndi nyumba yomwe: makorokoza, anyamata okumba golide amene amagona kutchire cha ku Shamva ndi m'mbali mwa Mazowe, sola ili padenga la pikapu, mafoni khumi ali pa waya mmodzi, wailesi ikulira usiku wonse. Bwana wa firiji yodzaza nyama ndi mnyamata wa matope mpaka m'mawondo amalakwitsa mofanana. Onse amatenga batire lolizira injini, 668 kapena 674, n'kulipatsa ntchito yosunga magetsi.

Batire lolizira injini lili ndi mapuleti ambiri opyapyala. Linapangidwa kuti litulutse mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa, injini ilire, kenako alternator ibweze msangamsanga zimene zachoka. Firiji simatero. Imakoka pang'onopang'ono kuyambira madzulo mpaka mbandakucha, ndipo m'mawa batire limakhala litatsika kwambiri. Mapuleti opyapyala aja akatsitsidwa choncho mobwerezabwereza amayamba kuyoyoka, zinyenyeswa n'kumaunjikana pansi, mpaka tsiku lina selo imodzi n'kufa. La deep cycle lili ndi mapuleti ochindikala, limapirira kutsika ndi kukwera. Komabe nalonso ndi la mtovu, ndipo la mtovu lililonse lili ndi malire ake: osapyola theka. Pa batire lolembedwa 100Ah, zanu zenizeni ndi 50.

Chimene chimachitika m'kati ndi ichi. Batire likamatha moto, asidi amagwirana ndi mtovu n'kupanga zoyera zimene zimamatirira pa mapuleti. Mukalitchaja tsiku lomwelo kapena lotsatira, zoyerazo zimasungunuka, asidi n'kubwerera m'madzi. Mukalisiya, zimauma ngati nkhoko za nsima mumphika wosaviika, ndipo pakapita miyezi palibe tchaja imene ingazichotse zonse. Batire lotero limanama. Mukalilumikiza ku tchaja, pakangopita kanthawi limaonetsa kuti ladzaza, koma mukayatsa firiji silifika pakati pa usiku.

Ndiye ine sindikhulupirira kanyali kobiriwira ka pa tchaja. Ndimachotsa mawaya, kulisiya batire lipume maola angapo, kenako n'kuyeza. Lodzaza limaonetsa 12.6V kapena 12.7V. Likafika 12.2V ndiye kuti lili pa theka. Anthu amadabwa ndikawauza kuti 12.0V ndi batire limene latsala pang'ono kutheratu, chifukwa amaona 12 wolembedwa pachikwama n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Ngati lili la zivindikiro zotsegula, ndimatenga hydrometer, kachubu kagalasi kokhala ndi mphira kumutu, n'kukoka madzi a selo iliyonse mwa maselo 6 aja. Selo yathanzi yodzaza imakweza kachizindikiro kufika cha pa 1.270. Asanu akagwirizana, imodzi n'kutsalira pansi, nkhani yatha, ndipo ndimamuuza mwini wake asataye ndalama. Nthawi zina madzi okokedwawo amatuluka akuda bii, umboni woti mapuleti anayoyoka kale.

Pa madzi pokhapo ndimalimbana ndi anthu. M'batire mumathiridwa madzi otchezedwa okha, amene timangoti madzi a batire, ongokwanira kumiza mapuleti. Madzi a pamjigo a kuno ali ndi mchere wa m'miyala, amawononga. Asidi saonjezeredwa, chifukwa chimene chimauluka ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Alipo anyamata m'misika amene amakhuthula batire lakufa, kuthiramo asidi watsopano wamphamvu, kulipukuta mpaka kuwala, n'kuligulitsa. Limalizadi galimoto pamaso pa wogula. Mwezi usanathe wogulayo amakhala ali pakhomo panga.

Mabatire a gel ndi a AGM anachuluka m'dziko muno chifukwa cha kuzima kwa magetsi, makamaka mu 2019 ndi kumapeto kwa 2022, madzi atachepa m'damu la Kariba, pamene nyumba zinkakhala mumdima mpaka maola 18 pa tsiku. Aliyense wa kangachepe anagula inveta ndi batire, ndipo a makalavani anatengera komweko. Gel ndi AGM onse ndi a mtovu ndithu, kungoti ndi omata: mu gel asidi anamuumitsa kukhala phala, mu AGM ananyowetsera timasamba ta ulusi wagalasi tofinyidwa pakati pa mapuleti. Satayikira ngakhale atapendekeka, safuna kuthira madzi, ndipo akamatchajidwa moyenera satulutsa mpweya wambiri, choncho angathe kukhala m'kati momwe anthu amagona. Kwa wopita ku Mana Pools ndimasankha AGM. Mukatsika phiri kupitirira Marongora n'kusiya tala, msewu wafumbi wopita ku Nyamepi umagwedeza galimoto mpaka mano, ndipo mapuleti ofinyidwa bwino ndi amene amafika amoyo.

Kumata komweko ndiye kufooka kwawo. Madzi akauluka chifukwa chotchaja mopyola, palibe pothirira ena. Gel ndiye wosachedwa kupsa mtima, safuna kupyola cha pa 14.1V, pamene alternator zambiri zimafika 14.4V. Onjezani kutentha. Batire la mtovu limakondwa pa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pake kwa nthawi yaitali, moyo wake umadulidwa pakati. M'chigwa cha Zambezi mu Okutobala zimafika 40, nanji pansi pa boneti pafupi ndi injini. Ndikaona gel atamangidwa pamenepo, mimba itafufuma mbali zonse, sinditulutsa n'komwe mita.

Pogula, musamangowerenga chikwama. Ambiri olembedwa kuti gel m'masitolo amakhala AGM, ndipo ena 100Ah wake ndi wa penti chabe. Linyamuleni. Batire la mtovu la 100Ah lenileni limalemera makilogalamu pafupifupi 30, msana umamva. Likapepuka ndiye kuti wina anaumira mtovu.

Tsopano kwabwera lithium, mtundu wa LiFePO4. Ife ana a pa Trojan timaliyang'ana mwa tsinya pang'ono, chifukwa mtundu umenewu mulibe nickel ngakhale pang'ono. Mwala wake womwe umakumbidwa konkuno, ku Bikita ndi ku mgodi wa Arcadia ku Goromonzi, n'kupita ku China, kenako n'kubwerera uli m'chikwama chokongola cha mtengo wa madola. Koma kunena zoona, pa ntchito ya kalavani ndi batire labwino kwambiri. Muli maselo 4 a 3.2V iliyonse. La 100Ah limalemera makilogalamu 12 kapena 13, mwana wa sukulu atha kulinyamula. Mutha kugwiritsa ntchito magawo 80 kapena 90 pa 100 alionse osaliwononga, ndipo limatchajidwa maulendo masauzande pamene la mtovu limawerengera mazana. Chachikulu kwa anthu anga oiwala aja n'chakuti silidandaula kukhala miyezi lili pa theka, bola mwalichotsa ku chilichonse chokoka moto.

Lili ndi makhalidwe ake ofuna kuwadziwa. Mita siikuuzani zambiri, chifukwa limakhala cha pa 13.2V nthawi yaitali, kenako n'kugwa mwadzidzidzi. M'kati muli kabolodi kotchedwa BMS kamene kamadula magetsi likatsika kwambiri, ndipo munthu amangoona nyali zonse zathima, n'kuganiza kuti batire lapsa, pamene langodzitseka. Komanso ndi ladyera. Likalumikizidwa mwachindunji ku alternator limakoka zonse zimene alternator ingapereke, ndipo injini ikamalira galimoto itaima, mphepo yoziziritsa ili yochepa, fungo la waya wopsa limayamba. N'chifukwa chake sindiika lithium popanda tchaja ya DC-DC pakati, imene imapima mlingo wolowa. Pansi pa boneti sililoledwa. Silitchajidwanso kukazizira kufika pa 0, zimene kuno ku Bindura sitiziganizira, koma wokagona ku Nyanga mu Juni azikumbukire. Ndipo pamsika palowa ena opangidwa ndi maselo akale ochotsedwa kwina. Amenewo kunja ndi okongola chimodzimodzi, mumawadziwa pokhapokha mutawatchaja n'kuwerenga maola amene ayendetsa katundu wodziwika.

Mphwanga amene ndikumuphunzitsa ntchito amathamangira kuloza batire nthawi zonse, ndiye ndimamuuza kuti, "Iwe, yamba wagwira waya." Kuchokera ku injini kufika ku kalavani ndi mtunda, ndipo waya woonda umadya mphamvu panjira, batire lakumbuyo n'kumalandira zosakwana ulendo wonse. Pamafunika waya wonenepa, fyuzi pafupi ndi batire lililonse, ndi chodulira chimene chimalekanitsa batire la injini ndi la firiji galimoto ikazima, kuti m'mawa musakankhe Land Cruiser mumchenga njovu zikuonerera. Batire lakale ndi latsopano sizilumikizidwa pamodzi, gel ndi lamadzi ayinso, chifukwa lofooka limakoka lamphamvu. Ufa wobiriwira wa pa mitu ya batire umachoka ndi soda wophikira m'madzi ofunda, kenako mupakepo Vaseline. Pomasula, yambani waya wa negative. Fodya akhale kutali, poti batire lamadzi likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka, ndipo likaphulika limamwaza asidi kumaso.

Munthu akandifunsa kuti agule liti, ndimayamba ndamufunsa kuti kalavani yake imaima kuti komanso amaiyang'ana kangati. Wosamala, amene angatsegule zivindikiro mwezi ndi mwezi, deep cycle lamadzi limukwanira ndipo ndi lotsika mtengo, bola likhale m'bokosi lopita mphepo kunja kwa chipinda chogona. Wa misewu yoipa atenge AGM. Woyenda pafupipafupi, wa firiji yaikulu, alimbe mtima agule lithium pamodzi ndi tchaja yake, osati limodzi lokha. Makorokoza ndimangowapempha kuti asiye kuyamwa batire la injini, agule lachiwiri ndi regulator ya sola, chifukwa ambiri amalumikiza sola mwachindunji, batire n'kumawira masana onse.

Pobwera ku ulendo, la mtovu litchajidwe mpaka kudzaza tsiku lomwelo, waya wa negative achotsedwe, ndipo mwezi uliwonse lionjezeredwe moto. Amene akudziwa kuti adzaiwala aike kasola kakang'ono padenga, kokhala ndi regulator yake. Batire likafa, lisatayidwe kudzala ndipo ana asaliswe kuti asungunule mtovu wa mbedza, chifukwa utsi wake ndi poizoni. Ogula zitsulo amalitenga ndi ndalama, ndipo kampani ya Chloride Zimbabwe ku Harare, yopanga mabatire a Exide, imasungunula mtovu wakale n'kupangira atsopano. Pogula lina, pitani nalo lakufalo, masitolo ambiri amachotserako mtengo.