Khomo la Cibaliro Likafooka, Mlandu Suli wa Munthu

Mwambo wa m'midzi yambiri ya kuno kum'mawa ndi wakuti mkazi akaima salengeza msanga. Amabisa mimba pa miyezi yoyamba kuopa anthu a maso oipa, ndipo ku sikelo amakaonekera pamene citenje cayamba kucepa m'ciuno. Akulu amene anaika mwambo umenewu anali kufuna kuteteza mwana. Koma pali bvuto limodzi limene limafuna kuti anamwino adziwe za mimba isanapitirire miyezi itatu, ndilo kufooka kwa khomo la cibaliro.

Khomo limeneli ndilo kamwa la thumba lokhalamo mwana. Mkazi akatenga pakati, khomolo limasintha: limafewa pang'ono, magazi amayendamo ambiri, ndipo pakamwa pace pamatsekedwa ndi cikazi cokhuthala cimene cimaletsa tizirombo kulowa. Motero cikazi coyera cosanunkha cikaculukirako, palibe coopsa. Koma ngakhale lifewe, khomo liyenera kukhala lalitali ndiponso lotseka kufikira masiku ocira atayandikira.

Kwa azimai ena sizitero. Mwana akayamba kulemera, makamaka pakati pa masabata 14 ndi 24, khomo limafupika ndi kutseguka lokha, kawirikawiri popanda ululu wocenjeza. Ena amabadwa nalo lofooka. Ena linang'ambika pocira mwana woyamba, ena linapweteka powakolopa m'cibaliro, kapena podulako kacigawo kamene kanali kuonetsa zizindikiro zoyamba za khansa.

Mai wina wa kudera la Chadiza anapita padera kawiri, ndipo nthawi zonse ziwiri munali m'mwezi wacisanu. Paciyambi anali kubwera ku citsime, paciwiri anali kusinja cimanga. Anangomva kulemera m'cinena, msana kuwawa pang'ono, kenaka madzi anasweka. Mudzi sunasowe conena. Ena anati mwamuna wace amayenda kumbali ndipo wamdula, ena analoza cala nkhalamba ina yokhala kumapeto kwa mudzi, imene kucokera pamenepo ana anasiya kuitungira madzi. Maiyo anamangidwa mkuzi wa mankhwala m'ciuno, koma mtima wace sunakhale pansi. Usiku anali kudziwerengera zolakwa zimene sanacite, ndipo ukwati unayamba kugwedezeka.

Ataima kacitatu, apongozi ace akazi ndiwo anayamba kulankhula. "Apongozi, safunsa anadya phula. Mawa lino tilawirire ku kliniki, mukanene zonse osabisa kanthu," anatero. Mimba inali ya miyezi iwiri cabe. Namwino atamva kuti mimba zonse ziwiri zinacoka pa mwezi umodzimodzi popanda ululu weniweni, analemba kalata yowatumiza ku cipatala cacikulu. Kumeneko dotolo anamanga khomo la cibaliro ndi ulusi wolimba pa sabata la 13, monga mmene munthu amamangira pakamwa pa thumba la cimanga. Ulusiwo unacotsedwa pa sabata la 37, ndipo patapita masiku owerengeka maiyo anacira mwana wamkazi mwa njira ya masiku onse.

Kumanga kotereku sikunayambe dzulo. Dotolo V. N. Shirodkar wa ku India anafotokoza njira yace mu 1955, ndipo Ian McDonald wa ku Australia anaonetsa njira ina yosabvuta mu 1957, imene madotolo ambiri amatsata kufikira lero. Kwa mai amene mbiri yace ikuonetsa bvutoli, ulusi umaikidwa pakati pa masabata 12 ndi 14. Apa ndipo pali ngozi ya kubisa mimba: wofika ku sikelo pa mwezi wacisanu amapeza nthawi yabwino yomangira itapita kale, mwinanso khomo litatseguka.

Si mai aliyense amene amamangidwa. Ena dotolo amawapima ndi makina ounikira m'mimba, ndipo khomo likapezeka kuti lafupika kosakwana mamilimita 25 masabata 24 asanakwane, amawapatsa mankhwala a progesterone oika ku njira ya cikazi, kapena kumanga pomwepo. Ndiponso si kupita padera kulikonse kumene kumacokera ku khomo. Mimba zambiri zocoka m'miyezi itatu yoyamba zimacoka cifukwa mbeu siinaumbike bwino, ndipo zina zimaonongedwa ndi malungo kapena cindoko. Zimenezi ulusi sungaziletse, koma malungo ndi cindoko amazipima ndi kuzicira mankhwala ku sikelo komweko. Kungogona pa mphasa miyezi yonse nakonso sikutseka khomo lofooka.

Mu 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mai wapakati azionana ndi a zaumoyo kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba ukhale mkati mwa masabata 12 oyamba. Pakati pa maulendo amenewa, mai asadikire tsiku lolembedwa pa khadi ngati akumva kulemera kwacilendo m'cinena, ngati msana wayamba kuwawa mosalekeza, ngati cikazi casanduka camadzimadzi kapena cofiirira, kapena waona magazi ngakhale ocepa. Amene ali ndi ulusi, akamva zowawa za kucira kapena madzi akasweka, athamangire ku cipatala nthawi yomweyo, pakuti ulusi wosacotsedwa ungathe kung'amba khomo. Okhala kutali ndi zipatala zonga St Francis ku Katete kapena Chipata Central ayenera kukonzeratu ndalama ya ulendo, ndipo a m'magulu a SMAG m'midzi angathandize pa makonzedwe amenewa.

Mwambo wobisa mimba ungathe kusungidwa popanda kutaya mwana. Mudzi wonse suyenera kudziwa; namwino yekha ndiye ayenera kumva, ndipo nchito yace imamlamula kusunga cinsinsi. Alangizi ndi apongozi, amene mau ao amamveka m'nyumba, akapereka cilolezo cimeneci kwa ana ao akazi, ndipo amuna akanyamula akazi ao pa njinga mimba ikali yaing'ono, nkhalamba zosalakwa zidzaleka kulozedwa zala, ndipo maukwati ambiri adzapulumuka pamodzi ndi ana.