Mlombwa, Kasemasema ndi Maloto a Wosema wa ku Kabwata

Mudzi wa Chikhalidwe wa Kabwata, womwe uli m'mbali mwa msewu wa Burma mumzinda wa Lusaka, ndi malo amene amisiri osema ziboliboli amagonapo, amagwirirapo ntchito ndiponso amagulitsirapo katundu wawo, ndipo chiboliboli ndi chinthu chosemedwa pachikuni kapena pamwala mofanizira munthu, nyama kapena chinthu china chodziwika. Nyumba zozungulira zofolera udzu zimene zili pamalopa zinamangidwa ndi boma la atsamunda m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, likulu la Northern Rhodesia litasamutsidwa kuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, kuti muzigona amuna odzagwira ntchito m'tauni amene akazi ndi ana awo ankatsala kumudzi. Zambiri mwa nyumbazi zinagwetsedwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 kuti pamangidwe nyumba zosanja, koma 43 zinasiyidwa, ndipo mu 1974 boma la Kenneth Kaunda linazisandutsa malo osungirako luso la manja ndi magule a mitundu ya anthu a m'Zambia. Motero zipinda zimene zinamangidwira anthu olembedwa ntchito ndi ena zinadzakhala za anthu odzilemba okha ntchito, omwe malipiro awo sadikira kutha kwa mwezi koma kubwera kwa wogula.

Ndi amisiri ochepa amene analowa ntchitoyi chifukwa choti analota kukhala osema otchuka. Ambiri anaitengera kwa bambo awo, kwa amalume kapena kwa mkulu wawo, sukulu itathera panjira chifukwa chosowa fizi, ndipo zimene mnyamata wotero amafuna pa nthawiyo n'zofanana ndi zimene mnzake wogulitsa salaula ku msika wa Soweto amafuna: chakudya cha lero, chipinda chakechake, ndi kandalama kotumiza kwa amayi ku Chipata, ku Mongu kapena ku Zambezi. Chikondi cha ntchitoyi chimabwera pambuyo, ndipo kwa ena sichibwera n'komwe.

Maphunziro a wosema amayambira kumapeto kwa ntchito n'kumabwerera chakumayambiriro. Wophunzira amayamba wapatsidwa sandipepa, yemwe ndi pepala lokhakhala losalazira chikuni, ndipo amakhala miyezi akupala misana ya mvuu ndi makutu a njovu zosemedwa ndi ena, kuyambira ndi pepala lokhakhala kwambiri mpaka losalala, kufikira zala zitachita zikang'a. Kenako amaloledwa kupaka polishi ndi kupukuta ndi burashi, pambuyo pake amagwira mpeni ndi tupa kuti akonze maso, zikhadabo ndi makwinya a chitamba cha njovu, ndipo akaonetsa kuti dzanja lake lakhazikika amapatsidwa tchizulo. Chida chimene amachigwira pomalizira ndi kasemasema, chomwe chili ngati kankhwangwa koma mpeni wake ndi wopingasa, ndipo ndicho chimachotsa zibenthu zikuluzikulu pachipika kuti maonekedwe a nyama ayambe kutuluka. Chifukwa chochedwetsera chida chimenechi n'chakuti cholakwa cha sandipepa chimakonzeka, pamene chibenthu chimene chadulidwa molakwika sichibwereranso, ndipo chipika chogulidwa ndi ndalama chikhoza kusanduka nkhuni pa kutema kumodzi. Mphunzitsi, yemwe wophunzira amamutchula kuti amalume kapena abambo ngakhale palibe chibale, salongosola zambiri. Amangolanda chidacho, n'kutema kawiri katatu pamalo oyenera, n'kubweza.

Kadyamsonga ndiye amayesa ngati munthu wapsa pa ntchitoyi. Miyendo yake ndi yaitali ndi yopyapyala, khosi lakenso chimodzimodzi, ndipo zonsezi ziyenera kusemedwa motsata mizere ya chikuni, yomwe ndi njira imene mtengo unakulira kuchoka kumizu kupita kunsonga, chifukwa mwendo wosemedwa mopingasa mizereyo umathyoka ukangogunda pang'ono. Wodziwa amasiya kaye kachikuni kolumikiza miyendo inayi pansi mpaka thupi lonse litatha, amatembenuza chipika kuti mfundo igwere pamimba pomwe pali pochindikala, ndipo asanapale komaliza amaimika nyamayo pasimenti n'kuigwedeza ndi chala kuti aone ngati miyendo yonse yafika pansi.

Theka la luso lonse lili pa kudziwa mitengo. Mlombwa, umene anthu ambiri a m'Zambia amautcha mukwa, ndiwo umakondedwa kwambiri chifukwa mtima wake, ndiye kuti chikuni cha m'kati, ndi wofiirira mokongola, sulimba mopweteka dzanja, sufumbwa wamba ndipo ukamauma sung'aluka kawirikawiri. Mtengowu ukatemedwa umatulutsa utomoni wofiira ngati magazi. Phingo ali ndi mtima wakuda ndi chikuni choyera chakunja, ndi wolemera kotero kuti amamira m'madzi, amabunthitsa zida msanga, ndipo ndi mtengo womwewo umene a ku Ulaya amapangira zitoliro zoimbira zotchedwa clarinet. Popeza phingo amakula pang'onopang'ono ndipo ndi wodula, pali ena amene amasema chikuni wamba n'kuchidetsa ndi polishi wakuda wa nsapato, chinyengo chimene wogula wochenjera amachizindikira pongonyamula chibolibolicho n'kumva kupepuka kwake. Chinyengo china, chomwe nthawi zambiri chimachokera ku njala osati ku mtima woipa, ndi kusema chikuni chachiwisi: chimasemeka mofewa ndipo chimaoneka bwino patebulo, koma chikafika m'nyumba zotenthetsedwa za ku London kapena ku Berlin chimang'aluka kuyambira kumutu mpaka kumchira. Mmisiri wodzilemekeza amaumika zipika zake pamthunzi kwa miyezi, ngakhale kuti kutero n'kugoneka ndalama pansi.

Chimene chimasemedwa chimalamulidwa ndi wogula, ndipo wogula wamkulu ndi mlendo wodzaona malo amene wachokera ku South Luangwa kapena ku mathithi a Mosi-oa-Tunya ndipo akufuna njovu, mkango, chipembere, njati kapena mvuu yoti akaonetse kwawo. Ngakhale kukula kwa chiboliboli kumayezedwa ndi sutikesi, pakuti ndege zambiri zonyamuka pabwalo la Kenneth Kaunda zimalola chikwama cha makilogalamu 23, ndipo nyama yosalowa m'chikwama imatha zaka ili pakhonde ikudya fumbi. Kupatula ku Kabwata, katunduyu amapita ku msika wa Lamulungu wa ku Arcades m'mbali mwa msewu wa Great East, ndi ku msika umene umachitika Loweruka lomaliza la mwezi pabwalo la tchalitchi cha Dutch Reformed ku Kabulonga, komwe kumabwera anthu a ku maofesi a akazembe ndi a mabungwe akunja okhala ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Kulikonse malonda amayamba ndi mawu akuti "Bwerani muone, bwana, kuona n'kwaulere," kenako kunenerera, ndipo tsiku limene kunyumba kulibe ufa wosema amalola ndalama zimene akudziwa kuti sizikufika pa thukuta lake. Malonda amayenda m'miyezi yopanda mvula pamene alendo amachuluka, amazilala m'dzinja, ndipo mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo a pandege, anaimiratu, moti amene anapulumukako ndi amene ankathanso kusema mipando, mbale, zipande, mithiko ndi matabwa a nsolo zogula anthu a mumzinda momwemo.

Pamenepa ndi pomwe pagona nkhani ya kukhutira. Munthu amene wasema njovu mazanamazana zofanana amafika poti dzanja limagwira lokha maganizo ali kwina, ndipo ambiri a iwo amene akhalitsa pa ntchitoyi ali ndi chinthu china chimene amachisema pang'onopang'ono madzulo kapena m'dzinja, chopanda wochiitanitsa: mayi wobereka mwana atasenza mtolo wa nkhuni, nkhalamba yofwenkha fodya, wovina Gule Wamkulu kapena Makishi, magule awiri amene bungwe la UNESCO linawazindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse. Chinthu chotere chimatenga nthawi imene ikanatulutsa njovu zambiri, chimadya chipika chabwino koposa, ndipo kawirikawiri chimachedwa kugulidwa chifukwa mwini wake safuna kutsitsa, komabe ndicho amachitulutsa pakabwera mmisiri mnzake, pakuti chiweruzo cha munthu wodziwa pomwe tchizulo chinavutikira chimalemera kuposa kuyamikira kwa mlendo amene amati chilichonse n'chokongola.

Mzinda wa Lusaka uli ndi chitsanzo cha munthu amene anayenda njira yosema zinthu zotere mpaka kutali. Henry Tayali, yemwe anabadwa mu 1943 ndi kumwalira mu 1987, anaphunzira zojambula ndi zosema ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf m'dziko la Germany, ndipo chosema chake chotchedwa The Graduate chili pa Yunivesite ya Zambia, pamene nyumba yoonetsera zaluso ya ku Showgrounds imatchedwa ndi dzina lake. Kuchokera ku Kabwata kupita ku Showgrounds kapena ku Lusaka National Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1996 mumsewu wa Independence, si mtunda wautali, koma amene amadutsa pazipata zimenezi ndi katundu wawo kawirikawiri ndi anthu odziwa kulemba za ntchito yawo m'Chingerezi, monga ophunzira a ku Evelyn Hone College, ndipo ena mwa iwo amayang'ana ziboliboli za alendo monyoza. Kunyoza kumeneku kulibe maziko. Njovu zobwerezabwereza zija ndizo zimaphunzitsa dzanja kumvera diso, ndizonso zimagula ufa pa miyezi imene chosema chenicheni chikukonzedwa, ndipo ku Malawi malo a KuNgoni a ku Mua, amene wansembe Claude Boucher anawayambitsa mu 1976, anaonetsa kuti osema a kumudzi akapatsidwa nthawi, zipika ndi wina wolemba mayina awo pambali pa ntchito zawo, amatulutsa zinthu zoikidwa m'matchalitchi ndi m'nyumba zosungira zakale. Chimene osema ambiri a ku Lusaka amasowa si luso ayi koma dzina, chifukwa chiboliboli chawo chimachoka m'dziko chopanda chizindikiro cha amene anachisema.

Choopsa chachikulu pa maloto onsewa ndi kutha kwa mitengo. Mlombwa woyenera kusema sukupezekanso pafupi ndi mzinda, kumene nkhalango zinapita ndi makala ndi minda, ndipo lamulo la nkhalango la mu 2015 limafuna chilolezo podula ndi ponyamula matabwa, zomwe zimakweza ndalama zogulira chipika chilichonse. Mukula, mtengo wofiira wa m'banja limodzi ndi mlombwa, unadulidwa mwaunyinji n'kumatumizidwa ku China mpaka boma linaletsa malonda ake, ndipo mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa CITES, lomwe ndi pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zikhoza kutha. Wosema, amene chipika chimodzi chimamukwanira masiku ambiri, si ndiye anamaliza nkhalangozi, koma ndiye amamva kuwawa kwake msanga, ndipo ena ayamba kusema jakaranda wodulidwa m'mipanda ya m'tauni, yemwe ndi wopepuka, woyera ndi wosalimba ngati mlombwa.

Maloto amene osema okhwima amawatchula poyera ndi poloti ndi sukulu ya ana. Amene zinthu zamuyendera amamanga nyumba ya malata chakum'mawa kwa mzinda, ku Chelstone kapena kupitirira kulowera ku Chongwe, njerwa zikugulidwa malinga ndi mmene nyengo ya alendo yayendera, ndipo amalipira fizi mpaka mwana atakhala namwino, mphunzitsi kapena wowerengera ndalama. Kupambana kotereku kumachotsa ana pa ntchito ya bambo awo, pakuti mwana amene wafika ku koleji sabwerera kudzakhala pachitsa ndi sandipepa, ndipo wophunzira watsopano amakhala mwana wa mlongo wochokera kumudzi kapena mnyamata wa m'komboni amene sukulu yamukanika. Chimene ana ophunzirawo amathandiza ndi foni: amajambula ziboliboli, amazitumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook kwa ogula akale, amalandira ndalama pa Airtel Money kapena pa MTN, ndipo ena mwa iwo ndiwo amakakamiza bambo awo kuti azilemba dzina ndi chaka pansi pa chosema chilichonse asanachipake polishi.