Kalata kwa Mphwanga: Kumene Malamulo a Pakati pa Mayiko Anachokera

Wokondedwa mphwanga,

Kalata yako yafika. Wandifunsa kuti, popeza mlandu wa anthu awiri umapita kubwalo la mfumu, nanga mafumu a mayiko akayambana amaweruza ndani. Tsono tchera khutu, ndikuuze.

Funso lomweli linasautsa anthu a ku Ulaya. Pamene Asipanishi anawoloka nyanja nayamba kulanda dziko la eni nthaka ku America, wansembe wina wophunzitsa ku Salamanca, dzina lake Francisco de Vitoria, anaimirira mu 1539 nanena kuti anthuwo, angakhale sanali Akhristu, anali eni enieni a minda yawo ndi maufumu awo, ndi kuti ngakhale Papa analibe mphamvu yopatsa wina dziko lawolo.

Koma amene anamanga nkhokwe yosungiramo nzeru zimenezi ndiye Hugo Grotius, wobadwira ku Delft mu 1583. Adatchi atalanda chombo cha Apwitikizi chotchedwa Santa Catarina pafupi ndi Singapore mu 1603, iye ndiye analemba zowaikira kumbuyo, ndipo m'zolembazo munatuluka kabuku ka mu 1609 konena kuti nyanja yamchere ilibe mwini. Pambuyo pake anaponyedwa m'ndende, nathawa mu 1621 atabisala m'bokosi la mabuku. Ndipo ali mlendo ku Paris, nkhondo ya zaka 30 ikupululutsa midzi ya ku Germany, anatulutsa mu 1625 buku lake lalikulu la malamulo a nkhondo ndi mtendere, mmene anaphunzitsa kuti pangano liyenera kusungidwa, kuti nkhondo isautsidwe popanda chifukwa cholungama, ndi kuti ngakhale mkondo utanyamulidwa, akazi ndi ana aleke kuphedwa. Mafumu atatopa ndi mwazi anatuma nthumwi zawo ku Münster ndi ku Osnabrück, napangana mtendere mu 1648, pakuti anaona ndi maso kuti nkhondo simanga mudzi.

Komabe usaiwale, mphwanga, kuti mphasa imeneyi mafumu a ku Ulaya anayalirana okhaokha. Pamsonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885, pokambirana za Africa, sanaitane mfumu ya mu Africa ndi imodzi yomwe, ndipo mu 1891 dziko lathu linalowa m'manja mwa Angerezi. Tinadzakhala nawo pabwalo la mayiko mu 1964, pamene Malawi analandiridwa m'bungwe la United Nations.

Chifukwa chake uwaphunzire mwakhama malamulo amenewa, pakuti njovu zikamenyana wovutika ndi udzu, ndipo dziko laling'ono lilibe chishango china koma pangano losungidwa. Upereke moni kwa onse kumeneko.

Ndine mkulu wako wokukonda.