Mzukwa wa pa Kanema ndi Chifuwa cha Mchona

Madzulo alionse, magetsi akangoyaka, nyumba ya zipinda ziwiri ija inkadzaza mpaka pakhomo. Munali m'chaka cha 2007, m'komboni ya mgodi wina wa golide kufupi ndi Kwekwe, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. Ndalama ya dzikolo inali itasanduka mapepala chabe ndipo m'masitolo munalibe ufa ngakhale sopo, koma zimbale za mafilimu a ku Nigeria zokha sizinkasowa pamsika. Eni nyumbayo, bambo achikulire ochokera ku Dedza, ankaonera atatsamira khoma, pakuti akagona chagada mpweya unkawathawa.

Bambowa anachoka kwawo mu 1961, nthawi ya chitaganya, pamene anyamata ambiri a ku Nyasaland ankalowera kumigodi ya Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane. Maganizo awo anali oti agwire zaka ziwiri, agule njinga ndi makina osokera, abwerere. Anaboola miyala pansi pa nthaka kwa zaka zoposa 30 ndipo sanapondenso kwawo. Anasanduka mchona.

Wailesi yakanemayo anagula ndi mwana wawo wamwamuna, amene ankakumba golide payekha m'maenje akale, ntchito imene kumeneko amati chikorokoza. Mwezi wina mwayi unamugwera, nabwera kunyumba ndi kanemayo, thumba la mpunga ndi nsapato zatsopano. Mwezi womwewo bambo ake anayamba kulavula magazi.

Mafilimu amene ankakondedwa m'nyumbamo anali a mizukwa ndi kukhwima. Kholo lawo ndi Living in Bondage, imene Kenneth Nnebue anatulutsa ku Nigeria mu 1992 m'chinenero cha Igbo. M'filimuyi mwamuna wotchedwa Andy Okeke, atatopa ndi umphawi, akulowa gulu la okhwima napereka nsembe mkazi wake wokhulupirika, Merit. Chuma chikubweradi, koma mzimu wa mkaziyo ukumulondola paliponse, ngakhale pa tsiku lokwatira wina, kufikira munthuyo atachita misala n'kumatola zakudya kudzala. Mafilimu ambiri amene anabwera pambuyo pake anayenda m'njira yomweyi: wina walemera mwadzidzidzi, wina wadwala mosadziwika, ndipo wakufa sagona mpaka wolakwa ataulula.

Tsiku lina filimu yotere ili mkati, mayi wina woyandikana nawo anatembenuka nayang'ana mnyamata uja, kenaka n'kuyang'ana bambo ake. Sananene kanthu. Koma m'mawa mwake pampopi nkhani inali m'kamwa mwa aliyense, yoti mwana wakhwimira bambo ake.

Mlongo wa mnyamatayo anali mmodzi mwa amayi odzipereka osamalira odwala m'makomo. Iye ankadziwa bwino mafilimu ophunzitsa amene mabungwe ankaonetsa m'maholo: Neria, ya mayi wamasiye wolandidwa chuma ndi alamu ake, momwe Oliver Mtukudzi anasewera ndi kuimba, komanso Everyone's Child ya Tsitsi Dangarembga, ya mu 1996, yonena za ana amene makolo awo anamwalira ndi Edzi. Anthu ankaonera, ena n'kukhetsa misozi, n'kumapita kwawo. Koma filimu ya mzukwa ankaikambirana mlungu wathunthu. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Wodwala akagona usiku sadzifunsa dzina la kachilombo, amadzifunsa kuti, bwanji ineyo? Filimu ya mzukwa imayankha funsoli mwachangu, pomupatsa dzina ndi nkhope ya wolakwa. Ndipo mayiyu, ndi maphunziro ake onse a zaumoyo, anakhalapo usiku wina akuyang'ana nsapato zatsopano za mlongo wake mtima ukumugunda.

Anawatengera bambowo kuchipatala. Atayeza makhololo ndi kujambula m'chifuwa, anapeza matenda awiri. Oyamba anali chifuwa chachikulu, chimene chimachizika munthu akamwa mankhwala mosadumphitsa kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Achiwiri anali matenda a fumbi la m'mgodi, amene madokotala amati silicosis. Mwala umene mumakhala golide ukamabooledwa umatulutsa fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene limakhazikika m'mapapo n'kusiya zipsera. Zipserazo sizipola, zimapitirira kukula ngakhale munthu atasiya ntchito kalekale, ndipo mapapo otere chifuwa chachikulu chimawalowa mosavuta. Fumbilo linayamba kulowa mwa bambowo mnyamata uja asanabadwe.

Mayiyo anakafotokoza zimenezi pampopi. Ena anamva. Ena anati wokhwima sangalephere kutumiza TB. Mnyamatayo anasiya kudya pakhomo, ndipo ankabwera anthu onse atagona.

Amene sanatekeseke anali wodwala mwiniyo. Usiku wina, oonera atabalalika, anaitana mwana wawo wamkazi.

"Mwanawe, anthuwa akumunamizira mlongo wako. Ine mzukwa wanga ndikuudziwa, ndipo si wa munthu wakufa."

"Mukutanthauzanji, bambo?"

Pamenepo anaulula zimene ana awo obadwira ku Zimbabwe sankazidziwa. Pochoka ku Dedza anasiya mkazi ali ndi pakati. Chaka choyamba ankatumiza ndalama ndi makalata, chachiwiri anatumiza bulangete, kenaka manyazi obwerera chimanjamanja anakula kuposa chikumbumtima. Mwana amene anabadwayo sanamuonepo. Anati nthawi zonse mkazi wovala zoyera akatulukira pa kanema, anzawo ankakuwa ndi mantha, koma iwo ankaona mtsikana ataima pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa msewu, akuyang'ana lole ikupita.

"Wa m'filimu uja anapha ndi mankhwala. Ine ndinangokhala chete. Tenga pepala ulembe."

Kupita okha sakanatha. Kupatula kudwalako, analibe pasipoti ya dziko lililonse, ndipo chitupa chawo chinkawatchula mlendo. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiyanso ana ambiri a machona ali opanda kwawo, mpaka malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 atabwezera unzika obadwira ku Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'mayiko oyandikana nawo. Malamulo omwewo anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma bambowo sanakhale ndi moyo kufikira chaka chimenecho.

Kalatayo inalembedwa masiku atatu, chifukwa mawu ankaduka ndi kutsokomola. Anaipereka kwa mayi wina wochita malonda amene ankakwera basi ya ku Blantyre yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, ndipo pa envulopu analembapo dzina la mudzi ndi la mfumu, monga bambowo ankakumbukirira.

Chifuwa chachikulu chinatha atamaliza mankhwala, koma fumbi linawatenga m'nyengo yozizira ya 2009. Pamaliro panatuluka gule, amene Ashona amati zvigure, ndipo mnyamata uja ndiye anagula bokosi. Yankho linafika patapita miyezi iwiri, lolembedwa pa pepala la m'kope la sukulu ndi mwamuna wa zaka 47. Anati mayi ake anatsikira kuli chete mu 2002, chaka cha njala. Anapempha chithunzi cha bambo ake, ngati chilipo.