Kuitana Maina

M'chaka cha 2019, pamene magetsi ankabwera pakati pa usiku pokha, mnyamata wina wa m'komboni ya pafamu pafupi ndi Banket ankadikira kuti babu liyake kenaka n'kutsegula laputopu yake yakale. Ankapanga sewero la pafoni: khamu la mpheta likutera m'munda wa tirigu, ndipo wosewera ayenera kuziingitsa zisanamalize ngala. Ntchitoyi ankaidziwa, pakuti ali mwana anaumapo pakhosi akukuwa m'minda ya tirigu ya ku Mashonaland.

Mbalame zili 50, zonse zinkayenda bwino. Koma iye ankafuna khamu lakuda ngati mtambo wa mvula, monga ankalikumbukira, choncho anaziwonjezera kufika 600. Pomwepo sewero linayamba kutsimphina. Mbalame zinkaima m'malere, kudumpha, n'kuimanso.

Chifukwa chake si chachinsinsi. Kuti maso aone chinthu chikuyenda mosadodoma, sewero limajambula chithunzi chatsopano ka 60 pa sekondi, ndipo ntchito yonse ya chithunzi chimodzi iyenera kutha m'mamilisekondi osakwana 17. Mbalame zake zinali pa mndandanda umene akatswiri amautcha array, ndipo pa chithunzi chilichonse kompyuta inkauyenda kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kuuyenda kamodzi sikulemetsa. Ngakhale foni yotchipa imakwanitsa. Cholakwa chinali chakuti mbalame iliyonse, pofuna kuti isagundane ndi inzake, inkayenera kuyerekezedwa ndi zina zonse. Pa mbalame 600, kumeneko ndi kuyerekeza ka 179,700 pa chithunzi chimodzi, kupitirira ka 10 miliyoni pa sekondi. Mpheta ya kum'mawa kwa munda inkafunsa za mpheta ya kumadzulo, imene siikanakumana nayo n'komwe.

Vutoli ndi lakale ngati masewero a pakompyuta omwe. Mu 1978, Tomohiro Nishikado wa kampani ya Taito ku Japan anaona kuti m'sewero lake la Space Invaders adani 55 aja ankayenda mwaulesi akakhala onse, koma ankafulumira akamatha, chifukwa makina ankatsala ndi ochepa owasamala. Iye anazisiya choncho, ndipo osewera anayesa kuti ndi luso lochita kufuna. Mnyamata wa ku Banket analibe mwayi wotero, poti mpheta sizitha, zimangowonjezereka.

Agogo ake, amene tulo tinali titawathawa kale ndi ukalamba, ankakhala pambali akumuyang'ana. Anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu a ku Nyasaland ntchito za ku Rhodesia, ndipo popeza ankadziwa kulemba anadzakhala kalaliki wa pafamu ya fodya. Mdzukuluyo atawafotokozera zimene zinkamusowetsa mtendere, osayembekeza kuti amva, iwo anaseka.

"Ndiye kuti makina akowo amaitana maina onse m'mawa uliwonse?"

"Ka 60 pa sekondi, Agogo."

"Bwanji osafunsa akapitawo?"

Anamuuza kuti atangoyamba ukalaliki ankaima pa chipata ndi buku la matikiti, kuitana munthu mmodzimmodzi, dzuwa mpaka kukwera fodya asanathyoledwe ndi tsamba limodzi lomwe. Pambuyo pake anasiya. Kapitawo aliyense ankadziwa gulu lake, ndipo kalaliki ankangofunsa amene sanabwere. Wothyola fodya kumunda analibe chifukwa chowerengedwa pamodzi ndi wosonkha moto ku mabaani.

Njira imeneyi opanga masewero amaidziwa bwino: kugawa bwalo m'zigawo zing'onozing'ono, kuti chinthu chiyerekezedwe ndi za m'chigawo chake ndi zigawo zoyandikana nazo basi. Mnyamatayo anali ataiwerengapo pa intaneti osaimvetsa. Usiku womwewo anadula munda wake wa pakompyuta m'timabwalo, ndipo mpheta 600 zinauluka ngati utsi.

Panatsala njira ina yopeputsira ntchito, imene aliyense amalangiza: chimene chatuluka pa sikirini chichotsedwe pa mndandanda, pakuti wosewera sachiona. Apa m'pamene nkhalamba ija inakhala chete nthawi yaitali. Famu yawo inalandidwa pa kugawa malo kumene kunayamba mu 2000, buku la matikiti linatha ntchito, koma anthu a m'komboni sanapite kulikonse. Lamulo la unzika la 2001 linkafuna kuti aliyense wa makolo akunja akane mwalamulo unzika wa dziko linalo, ndipo ambiri a m'mafamu, ngakhale obadwira momwemo, anatsala opanda dziko. Pa chitupa cha agogowo panali liwu lakuti alien, lomwe lija amatchulira adani a m'sewero la Nishikado. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe a makolo ochokera m'maiko a SADC, monga bambo a mnyamatayo, koma zaka khumi ndi ziwiri zinali zitapita.

"Zikatuluka pagalasipo zimapita kuti?" anafunsa motero.

"Sizipita kulikonse, Agogo. Zimangoleka kuwerengedwa."

Mwaluso, kuzichotsa ndiko kunali kolondola, ndipo sewero likanapepuka kwambiri. Mnyamatayo anachita zina. Mbalame zotuluka pa sikirini anazisamutsira pa mndandanda wachiwiri, umene kompyuta imauyendera kamodzi pa zithunzi khumi zilizonse. Zimayenda modukizadukiza kumene palibe woziona, ndipo zikabwerera m'munda zimalowera mbali imene zinatulukira. Anayesa seweroli pa foni ya mlongo wake, yosweka galasi, ndipo linayenda mosatsimphina mpaka magetsi anazima tambala woyamba atalira.